Nkhuku ya milungu 6 ndi thadzi la zaka ziwiri: kaphikidwe kake n'kosiyana

Pa Khirisimasi yapitayi mwana wa akulu anga ndiye anapatsidwa ntchito yophika nkhuku. Nkhukuyo inachokera kumudzi. Agogo ake ndiwo anaitumiza pabasi, miyendo atayimanga ndi luzi: thadzi lofiira, lalikulu bwino, loti linaswapo anapiye kangapo konse. Mtsikanayu kuphika amatha ndithu, koma wakulira m'tauni, ndipo manja ake anazolowera nkhuku za m'firiji ya kusitolo. Anaidula bwinobwino, kuikazinga mpaka inafiira, kuthira anyezi ndi tomato, kenako kuisiya kuti ibwate kwa theka la ola. Fungo linafika mpaka kwa aneba. Koma titakhala pansi kuti tidye, nyama inakakamira kufupa. Ukaluma ntchafu, mano amangobwerera. Ana anadya nsima ndi msuzi wokha, nthuli n'kutsala m'mbale.

Madzulo ake anandipeza kuseri kwa nyumba ndikutsuka mapoto. "Amayi aang'ono, ndiye ndinalakwitsa pati? Inetu ndimaphika chonchi masiku onse." Nkhope yake inali yakugwa, ndipo zinandikhudza, chifukwa panalibe amene anamuuzapo kuti nkhuku imene amaphika masiku onse imaphedwa ili ndi milungu 6, pamene thadzi la agogo ake linali litadutsa zaka ziwiri.

Vuto lomweli limabweranso chotembenuka. Pitani paukwati kapena pamaliro pamene amayi ozolowera nkhuku zachikuda apatsidwa mabuloyila makumi awiri kuti aphike. Amawathira m'poto wamkulu, kusonkheza nkhuni, n'kuwasiya maola awiri monga mwa nthawi zonse. Povundukula amapeza mafupa ali paokha, nyama yanyenyeka ngati thonje, msuzi uli tsululu wosamveka kanthu. Ndiye anthu amati, "Nkhuku zachizunguzi n'zosakoma." Komatu nkhukuzo zinapsa kalekale, patangotha mphindi 30, ndipo nthawi yotsalayo zinkangowonongeka.

Nkhani yonseyi yagona pa msinkhu. Nkhuku zoyera zija zimene zadzaza m'masitolo ndi m'makhola a kuseri kwa nyumba ku Ndirande, ku Area 25 kapena ku Chibavi, zambiri ndi za mitundu ya Cobb 500 ndi Ross 308. Zimaphedwa pakati pa masiku 35 ndi 42, zitafika makilogalamu awiri kapena kuyandikira pamenepo. Pa msinkhu umenewo nkhuku yachikuda imakhala ikadali mwanapiye wotsatira make, woti ungamufumbate ndi dzanja limodzi. Kuti ifike poti munthu n'kuitchula msoti kapena chipsolopsolo pamapita miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi. Ndipo thadzi kumudzi saliphera msanga. Limayamba laikira, lafungatira, lalera anapiye maulendo angapo, kufikira tsiku limene kwabwera mlendo wolemekezeka kapena pamene mazira ayamba kusowa.

Palinso gulu lachitatu limene ambiri salilabadira: nkhuku zofiirira zoikira mazira za m'mafamu, monga Hy-Line ndi Lohmann Brown. Izi zimayamba kuikira zili ndi milungu 18 mpaka 20, ndipo pachaka imodzi imatha kuikira mazira pafupifupi 300, pamene thadzi lakumudzi limaikira pakati pa 30 ndi 60. Zikafika milungu 72 mpaka 80 mazira amachepa, chakudya chimayamba kudula kuposa phindu, ndipo mwini famu amazigulitsa zonse pakamodzi. Ndi zimene kumsika amati ma off-layer. Dzina lake n'lachizungu, zinakulira m'khola, koma mumphika zimafuna kuphikidwa ngati thadzi la agogo.

Kodi msinkhu umasintha chiyani mu nyama? Taganizirani mtolo wa nkhuni womangidwa ndi luzi. Mnofu wa nkhuku ndi timaulusi tambirimbiri tomangidwa m'mitolo, ndipo luzi lake ndi chinthu choyera cholimba chotchedwa kolajeni. Ndi chomwe chija mumachiona ngati kansalu kopyapyala pamwamba pa ntchafu mukasenda khungu, ndipo chimachuluka m'khungu lenilenilo, m'malo olumikizana mafupa, m'khosi ndi m'zipalapasiro. Nkhuku ikakhala yanthete luzi limeneli limakhala lofewa, la mfundo zochepa, ndipo kutentha pang'ono kumalimasula. Nkhuku ikamakula, timaulusi ta kolajeni timanka tilumikizana tokhatokha, mfundo pamwamba pa mfundo, ndipo mfundo zakalezo sizimasuka wamba ndi moto. N'chimodzimodzinso ndi mbuzi ndi ng'ombe. Aliyense amene anadyapo ng'ombe yokalamba yokoka ngolo akudziwa.

Tsono moto umachita zinthu ziwiri pa nyama, china mofulumira, china mochedwa. Chofulumira n'chakuti kutentha kukadutsa madigiri 60, timaulusi ta mnofu timafota n'kufinya madzi kunja, ngati mmene timafinyira nsalu yochapa. Chochedwa n'chakuti kolajeni akakhala m'madzi otentha kuposa madigiri 70 kwa nthawi yaitali, amasungunuka pang'onopang'ono n'kusanduka jelatini, chinthu choterera chomata milomo. Buloyila alibe mfundo zambiri zoti zimasulidwe, choncho akangopsa m'kati, basi wakwana, ndipo mphindi iliyonse yowonjezera imangomufinya madzi. Thadzi lokalamba limafuna kuti chachiwiricho chichitike mpaka kumapeto. Mwana wa akulu anga uja anaphula mphika pa nthawi yoipitsitsa: mnofu unali utafota kale, koma luzi linali lisanasungunuke. Akanangothira madzi otentha n'kuvundikira kwa ola lina ndi theka, tikananyambita zala tonse.

Jelatini ameneyu ndiye chuma cha nkhuku yokalamba. Mukasiya msuzi wa nkhuku yachikuda usiku nyengo yozizira ya mu June, m'mawa mumaupeza wagwirana, ukunjenjemera mukagwedeza mphika. Ambiri amati ndi mafuta. Mafuta ndi kachigawo kachikasu kapamwamba kokha, zapansi zonsezo ndi kolajeni wosungunuka. Ndiye amene amachititsa kuti msuzi ugwire mbamu ya nsima m'malo moyenderera, ndipo palibe zokometsera za m'paketi zimene zingalowe m'malo mwake. Ufa wothira mumsuzi umaulimbitsa, inde, koma pakamwa pamamveka kuti ndi ufa.

Mtundu wa nyama nawo umanena mbiri ya nkhukuyo. Mnofu umene umagwira ntchito tsiku lonse umasunga chinthu chofiira chotchedwa myoglobin, chimene chimagwira mpweya wofunika pogwira ntchitoyo. N'chifukwa chake ntchafu ndi miyendo zimakhala zoderapo kusiyana ndi nganga. Nkhuku yakumudzi imadzuka m'bandakucha, kupalasa kudzala, kuthamangitsa ziwala, kuthawa kabawi, madzulo n'kuulukira mumtengo kapena m'khola lam'mwamba. Miyendo yake imada, imalimba, ndipo imakoma. Buloyila moyo wake wonse amayenda masitepe ochepa kuchoka pa chakudya kupita pa madzi. Ine ndimaona kuti kukoma kumene timatamanda pa nkhuku yachikuda, gawo lalikulu kumachokera ku msinkhu, kuyendayenda ndi zakudya zake, monga chiswe, nyongolotsi, udzu ndi madeya. Mtundu wa nkhukuyo umathandizako, koma suli patsogolo. Umboni wake ndi nkhuku za Mikolongwe, zakuda zija. Dzina lake lenileni ndi Black Australorp, kwawo ndi ku Australia, ndipo dzina la Mikolongwe zinalitengera ku famu ya boma ya ku Chiradzulu kumene zakhala zikuswetsedwa n'kugawidwa kwa alimi. Ndi zobwera, koma zikakulira pabwalo miyezi isanu ndi umodzi, ndani amadandaula nazo pa mbale?

Mafuta achikasu aja musawatenge ngati chizindikiro cha ukalamba. Chikasucho chimachokera ku masamba obiriwira ndi chimanga chachikasu chimene nkhuku yadya. Nkhuku yodya chimanga choyera chokha mafuta ake amakhala oyererako ngakhale ikalambe.

Pali mphekesera imene siitha, yakuti mabuloyila amakula msanga chifukwa amawabaya jakisoni wokulitsa. Nkhawa ya anthu ndimaimvetsa, poti n'zodabwitsadi kuti mwanapiye asanduke ndiwo ya banja lonse m'mwezi umodzi ndi theka. Koma chinsinsi chake chili m'kusankha mbewu. Ku United States mu 1948 kunachitika mpikisano wa dziko lonse wotchedwa Chicken of Tomorrow, wothandizidwa ndi kampani ya masitolo ya A&P, wofuna nkhuku ya nganga yaikulu yokula msanga. Anapambana ndi Charles Vantress wa ku California, amene anakweretsa mtundu wa Cornish ndi wa New Hampshire. Kuyambira pamenepo makampani akhala akusankha nkhuku zokula mofulumira m'badwo ndi m'badwo. Ofufuza a ku University of Alberta ku Canada anaonetsa zimenezi poyera m'chaka cha 2014. Anaweta mbewu ya mu 1957 ndi ya mu 2005 pa chakudya chimodzimodzi, popanda mankhwala okulitsa. Pa masiku 56 ya mu 1957 inalemera magalamu 905, ya mu 2005 inalemera magalamu 4,202. Chimene tiyenera kuchenjera nacho kwenikweni ndi mankhwala ochiza matenda. Woweta akapatsa nkhuku mankhwala otere ayenera kudikira masiku olembedwa pa paketi asanazigulitse, ndipo wogula ali ndi ufulu wofunsa.

Tsono kumsika mungadziwe bwanji msinkhu wa nkhuku, wogulitsa akulumbira kuti ndi msoti? Ine anandiphunzitsa ndi agogo anga aakazi. Ankaigwira nkhuku mapiko ndi dzanja lamanzere, n'kuitembenuza chagada, chala chachikulu chamanja n'kutsata fupa la pachifuwa mpaka kunsonga kwake, chakumimba. "Tagwira apa, mwanawe," ankatero. "Pakagonja ndi mwana. Pakakana, konzeratu nkhuni." Nsonga ya fupa limeneli pa nkhuku yaing'ono imakhala ikadali chicherewecherewe, imapindika mukaikanikiza. Nkhuku ikakula nsongayo imasanduka fupa lenileni. Njira imeneyi imagwira ntchito ngakhale pa nkhuku yosenda kale, ndipo siinama. Yang'ananinso miyendo. Ya nkhuku yaing'ono imakhala yosalala, mamba ake ogona bwino, pamene ya yokalamba imakhala yokhakhala, zikhadabo zazitali zokutha. Pa tambala onani kanyanga ka kuseri kwa mwendo: pa chipsolopsolo kamangokhala kachotupa, pa tambala wa zaka kamakhala kakatali kosongoka.

Ma off-layer amadziwika ndi nthenga zothothoka pakhosi ndi pamsana, milomo yodulidwa kunsonga, miyendo yotuwa, ndi nganga yowonda. Ena amawasakaniza ndi nkhuku zachikuda n'kuwagulitsa pa mtengo wa lokolo, ndipo apo m'pamene pamandipweteka, chifukwa amene amapusitsidwa kawirikawiri ndi munthu amene wasunga ndalama mwezi wonse kuti alandire bwino apongozi. Koma pa mtengo wake woyenera, nkhuku zimenezi n'zabwino zedi pa msuzi, ndipo sindiona chifukwa chozinyozera. Chofunika kusamala nacho n'chimodzi. Nkhuku yoikira mazira mazana imatenga kashiamu wa m'mafupa ake kupangira zikamba za mazira, choncho mafupa ake amakhala ophweka, osachedwa kuswekasweka. Iduleni m'malo olumikizana mafupa, musaikhape ndi chikwanje, ndipo ana muwasankhire nthuli zopanda tizidutswa.

Kaphikidwe ka thadzi lokalamba kamayamba ndi kudekha. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukasosola ndi kuwawula, dulani nthuli, ndipo khungu, khosi, msana ndi zipalapasiro musataye, chifukwa ndimo muli msuzi. Ikani mumphika wokhuthala, thirani madzi ongofika pamwamba pa nyama, mchere pang'ono, anyezi ndi adyo ngati alipo. Ukawira chepetsani moto kuti uzingobwata pang'onopang'ono, chivundikiro chili pompo. Apa m'pamene ambiri amawonongera makala. Madzi a mumphika wamba sapitirira madigiri 100 ngakhale musonkheze chotani, ndipo kumalo okwera ngati ku Dedza amawira pa madigiri pafupifupi 95. Moto waukulu sufulumizitsa kanthu, umangophwetsa madzi n'kupsereza pansi. Mbaula ya makala ochepa okwiriridwa ndi phulusa pang'ono, kapena chikuni chimodzi chachikulu pamafuwa, ndi zokwanira. Madzi akachepa onjezani otentha. Msoti umafewa pa ola limodzi kapena kupitirira pang'ono, thadzi lokalamba limafuna maola awiri mpaka atatu, ndipo tambala wamkulu nthawi zina amapitirira pamenepo. Wotchi ingokuthandizani, koma woweruza ndi foloko: ibayeni pantchafu, ikalowa mosavuta nyama n'kuyamba kulekana ndi fupa, yapsa.

Tomato dikirani naye mpaka nyama itafewa. Mukamuthira poyamba, maola awiri aja amamupsereza ndipo kukoma kwake kumazilala. Nyama ikafewa, tsanulirani msuzi m'mbale ina, siyani nthuli zikazingike m'mafuta ake omwe mpaka zifiire, thirani anyezi, kenako tomato, ndipo pomaliza bwezerani msuzi uja pang'onopang'ono. Kuphika kotere, koyamba ndi madzi n'kumaliza ndi kukazinga, ndiko kumatulutsa nkhuku ya kwasukwasu yeniyeni, ya nthuli zofiira zosanyenyeka koma zosavuta kuluma. Amene ali ndi pressure cooker, mphika wotsekeka wosunga nthunzi m'kati, ali ndi mwayi, chifukwa m'kati mwake kutentha kumafika madigiri pafupifupi 120, ndipo thadzi limafewa pa mphindi 40 kapena kuposerapo pang'ono.

Pali zina zothandiza kufewetsa. Papaya wosapsa ndi masamba ake ali ndi papain, chinthu chimene chimadula timaulusi ta nyama, ndipo nanazi wosaphika ali ndi china chofanana nacho chotchedwa bromelain. Kukulunga nthuli m'masamba a papaya osinjasinja kwa ola limodzi kumathandizadi, koma mukapitiriza kunja kwa nyama kumasanduka phala m'kati mukadali molimba, ndipo masambawo amasiya kuwawa. Soda amafewetsa, koma amasiya kafungo ka sopo ndipo amapha kukoma kumene munagulira nkhukuyo. Ndamvaponso za ena othira mapiritsi a mutu mumphika kuti nyama ipse msanga. Chonde musayese. Mankhwala amenewo akachuluka m'thupi amawononga chiwindi, ndipo mumphika simungadziwe kuti mwana wadya ochuluka bwanji.

Chinanso chimene sitichiganizira ndi nthawi yochokera pa mpeni kufika pa moto. Nkhuku ikaphedwa, nyama yake imauma gwa m'maola oyambirira, kenako imamasukanso yokha pang'onopang'ono. Amene ali ndi firiji angachite bwino kupha madzulo, kuisunga mozizira usiku wonse, n'kuphika mawa lake. Amene alibe firiji asayese kuigoneka, makamaka nyengo yotentha ya mu October. Aphike pompo, angowonjezera nthawi pamoto.

Buloyila amafuna zosiyana ndi zonsezi: moto wamphamvu, nthawi yochepa, madzi ochepa kapena osathira n'komwe. Ndiye woyenera kuwotcha pamakala, kukazinga m'chiwaya, kupanga kanyenya wodyera chipisi. Nthuli zake zimapsa pa mphindi 25 mpaka 35, ndipo nganga imapsa msanga kuposa ntchafu, choncho ndi bwino kuichotsa poyamba. Poti payekha sakoma kwambiri, amafuna kumunyika mu mchere, adyo, mandimu ndi tsabola asanapite pamoto. Mukafuna wamsuzi, kazingani kaye, pangani msuzi wa tomato, n'kubwatitsa limodzi mphindi 20 basi. Komabe kufulumira kusafike posiya m'kati mosapsa, chifukwa nkhuku yaiwisi imanyamula tizilombo ta Salmonella ndi Campylobacter toyambitsa matenda otsekula m'mimba. Pakatikati pa ntchafu payenera kufika madigiri 74, ndipo madzi otuluka mukabaya akhale oyera. Nthawi zina mumapeza pafupi ndi fupa pali pakuda kapena pofiirira ngakhale nyama yapsa bwino, makamaka ngati nkhukuyo inaumitsidwa m'firiji. Mafupa a nkhuku yanthete amakhala asanakhwime, ndiye kufiira kwa m'kati mwa fupa kumadutsa n'kudetsa nyama yoyandikana nawo.

Abale athu okhala kunja amaidziwa bwino nkhani imeneyi, chifukwa kumeneko nkhuku yolimba imachita kusakidwa. Ku Zimbabwe amaitchula road runner, ku South Africa umleqwa kapena hardbody, ndipo ku Britain imapezeka m'masitolo a anthu a ku Africa ndi ku Asia pa dzina la boiling fowl kapena hard chicken. Zambiri mwa zimene amagulitsa ku Britain ndi zoikira mazira zomwe zija zimene zamaliza ntchito yake. Okhala ku Johannesburg amadandaulanso kuti nkhuku za m'mapaketi zimadzaza chiwaya ndi madzi m'malo mofiira. Chifukwa chake n'chakuti makampani amazibaya madzi amchere asanaziumitse, ndipo kuyambira mu 2016 malamulo a dzikolo anaika malire akuti madziwo asapitirire magawo 15 pa 100 pa nkhuku yoduladula. Nkhuku yotere isungunuleni kaye, muipukute ndi nsalu yoyera, ndipo mchere muthire mochepa. Ngakhale ku France, kumene amatchuka ndi kuphika, chakudya chawo chotchedwa coq au vin akuti chinayamba ngati njira yofewetsera tambala wokalamba pomubwatitsa nthawi yaitali mu vinyo.

Pa mtengo, zoona zake n'zakuti buloyila ndiye wafikitsa nkhuku pa mbale za mabanja ambiri a m'tauni. Amadya chakudya chosakwana makilogalamu awiri kuti awonjezere kilogalamu imodzi ya thupi, nyama yake ndi yambiri, ndipo makala ake ndi ochepa. Nkhuku yachikuda imadula pogula, imadulanso pophika, ndipo nyama yake ndi yochepa. Koma msuzi wa thadzi limodzi umatha kudyetsa nsima anthu khumi, zimene buloyila sangathe. Ndipo pali malo ena amene buloyila safikako. Pa chinkhoswe ankhoswe amasinthana tambala ndi msoti, ndipo mlendo wochokera kutali timamuphera nkhuku ya pabwalo, nthutumba n'kuikidwa m'mbale yake kuti adziwe kuti nkhukuyo inaphedwera iye.

Mwana wa akulu anga uja anabweranso pa Isitala. Ulendo uno tinagula off-layer kumsika, ndipo ndinamugwiritsa nsonga ya fupa la pachifuwa tisanalipire. Potumbula tinapeza m'mimba mwake muli timazira tachikasu topanda zikamba, tina ngati nandolo, tina ngati ndimu yaing'ono, tolumikizana ngati zipatso pa nthambi. Anali asanationepo, ndipo anafuna kutitaya pamodzi ndi matumbo. Tinatisunga m'kambale, ndipo nkhuku itabwata maola awiri ndi theka, tinatiponya mumsuzi kwa mphindi 10 zomaliza.